Mwana wa zaka 9 akufuna kuyendetsa ndege: tiyambire pati?

Funso: Ndili ndi mwana wamkazi wa zaka 9 amene sakamba china koma ndege. Akangomva kulira kwake amathamangira panja, ndipo akuti akadzakula adzakhala woyendetsa. Mnzawo wa bambo ake ali ndi laisensi ya ndege zing'onozing'ono ndipo walonjeza kudzamukweza. Kodi sanachepe? Nanga ife amene sitidziwa kalikonse za ndege tingamuphunzitse chiyani panopa?

Yankho: Mayi, mwanayo sanachepe kuti ayambe kudziwa za ndege, ndipo ulendo umene walonjezedwawo musamukanize. Chimene wachepa nacho ndi maphunziro olipira aja owerengera maola. Ndayambira pamenepa chifukwa makolo ambiri amene amabwera kwa ife alangizi amabwera ndi mantha akuti akachedwa mwana wawo atsalira.

Palibe kotsalira. M'mayiko ambiri munthu saloledwa kuuluka yekha m'ndege ya injini asanakwanitse zaka 16, ndipo laisensi yoyamba, imene timaitchula kuti PPL, amapereka kwa wa zaka 17. Ku America mwana wa zaka 14 akhoza kuuluka yekha mu glider, ndege yopanda injini ija, koma ya injini ndi 16 basi. Bungwe la ICAO, lomwe limaika miyezo ya maulendo apandege padziko lonse, limati wofuna PPL akhale atauluka maola osachepera 40. Ku Ulaya ndi 45, ndipo ophunzira ambiri amapitirira pamenepo. Ngakhale zili choncho, munthu wakhama amamaliza zonsezo m'chaka chimodzi. Wanuyo ali ndi zaka 7 patsogolo pake asanaloledwe n'komwe kutsala yekha m'ndege. Mukamulipirira maphunziro lero, podzafika nthawiyo manja adzakhala ataiwala ndipo adzayambiranso. Palinso nkhani ya miyendo. Ndege yaing'ono ikakhala pansi imakhotetsedwa ndi mapazi, mabuleki alinso kumapazi komweko, ndipo ana ambiri a msinkhu umenewu safikira zopondera popanda kutsetsereka pampando.

Koma zaka 7 zimenezi si zongopinda manja. Zimene zimachititsa kuti wophunzira wina akhale wosavuta kuphunzitsa pamene wina n'ngovuta, zambiri zimaphunziridwa pansi, ndipo mungamuyambitse inu nomwe.

Yambani ndi dzanja lake. Tsiku lina muli pagalimoto, pamsewu wopanda magalimoto ena kapena mitengo m'mbali, muloleni atulutse dzanja pang'ono pawindo, chikhatho chitayang'ana pansi, zala zitaloza kutsogolo. Adzutse zala pang'ono chabe, adzaona dzanja likunyamuka lokha. Akawonjezera, linyamuka mwamphamvu. Akapitiriza, pali pamene dzanja lidzasiya kukwera n'kuyamba kungokankhidwira kumbuyo. Pakanthawi kochepako wamva ndi thupi lake zimene akuluakulu amatha nazo masabata m'mabuku. Phiko limakhotetsera mpweya pansi, ndipo mpweyawo umalikankhira m'mwamba. Mphamvu yonyamulayi imakula liwiro likakula, imakulanso phiko likadzuka kwambiri pokumana ndi mpweya. Kudzukako kuli ndi malire ake. Kukafika madigiri pafupifupi 15 kapena kuposerapo pang'ono, mpweya umasiya kutsata msana wa phiko, umavunduka, ndipo mphamvu yonyamula imatsika mwadzidzidzi. Zikatero timati ndege yachita stall. Injini ikhoza kukhala ikulira bwinobwino koma stall n'kuchitikabe, ndipo mankhwala ake ndi osemphana ndi zimene mtima umafuna: uyenera kutsitsa mphuno ya ndege pamene thupi lonse likukuuza kuti uikokere m'mwamba. Mwana amene anazimva padzanja ali wamng'ono sadzavutika kukhulupirira zimenezi tsiku limene mlangizi adzamuuze.

Pali kafotokozedwe kena kofala m'mabuku a ana kamene ndingakonde musamuuze. Amati mpweya wodutsa pamwamba pa phiko umathamanga chifukwa njira yake ndi yaitali ndipo uyenera kukakumana ndi mnzake wapansi kumapeto kwa phiko. N'zoona kuti wapamwamba umathamanga kwambiri, koma palibe chimaukakamiza kukakumana ndi wapansi, ndipotu umafika kumapetoko msanga kuposa wapansiyo. Mwana wochenjera adzakufunsani kuti nanga ndege ya pepala, yomwe phiko lake ndi lathyathyathya, imauluka bwanji, ndipo mudzasowa chonena.

Ndege ya pepalayo musaipeputse. Akapinda m'mwamba pang'ono kumapeto kwa mapiko onse awiri, ndege imadzutsa mphuno. Imeneyo ndi ntchito ya elevator, yomwe pa ndege yeniyeni imakhala kumchira. Akapinda mopitiriza adzaona ndege ikukwera, kuima, kugwa chamutu n'kukweranso, ndipo apo stall ija akuiona ndi maso. Akapinda mbali imodzi m'mwamba, ina pansi, ndege imapendekeka n'kuyamba kuzungulira, ndipo imeneyo ndi ntchito ya ma aileron, omwe pa ndege yeniyeni amakhala kumapiko. Apa mumuuze chinthu chimene ngakhale akuluakulu ambiri sachidziwa: ndege imakhota popendekeka, ngati mmene wanjinga amapendekekera pakona. Rudder, yomwe imaima chilili kumchira ndipo imayendetsedwa ndi mapazi, imangothandiza kuti mphuno itsate bwino kumene ndege ikukhotera. Lamulo mumupatse limodzi lokha, lakuti azisintha chinthu chimodzi pa nthawi, aponye kangapo, aone chachitika, alembe m'kope. Ndimamudziwa msanga wophunzira amene anakula akuchita zoterezi, chifukwa ndege ikachita zachilendo safulumira kugwedeza chilichonse, amayamba wafunsa kuti chasintha n'chiyani.

Abale awiri a banja la Wright ku America, omwe amadziwika kuti ndiwo anayamba kuulutsa ndege ya injini, nawonso anayamba ndi chidole. Mu 1878 bambo awo anawabweretsera kachinthu ka pepala ndi nsungwi kouluka ndi mphira yopota, Wilbur ali ndi zaka 11, Orville 7. Anasewera nako mpaka kanathyoka, n'kuyamba kupanga tawo. Atakula sanathamangire injini. Anayamba ndi kaiti mu 1899, kenako ma glider kuyambira 1900 mpaka 1902, ndipo ndege yawo ya injini inadzauluka pa 17 December 1903 kufupi ndi Kitty Hawk, kwa masekondi 12, mtunda wa mamita pafupifupi 37.

Ngati kufupi nanu kuli bwalo la ndege zing'onozing'ono, pitani naye mukangokhala kunja kwa mpanda. Mumuonetse thumba lalitali la nsalu lopachikidwa pamlongoti, windsock, lomwe limasonyeza kumene mphepo ikuchokera, ndipo mumufunse kuti ndege yotsatira inyamuka cholowera kuti. Sachedwa kuzindikira kuti ndege zimanyamuka ndi kutera moyang'anizana ndi mphepo. Chifukwa chake n'chakuti phiko silisamala liwiro la matayala, limangofuna liwiro la mpweya umene ukulidutsa. Ndege yaing'ono yotchedwa Cessna 172 imadzutsa mphuno mpweya ukamadutsa pa liwiro la makilomita pafupifupi 100 pa ola. Ngati mphepo yochokera kutsogolo ikuwomba pa makilomita 20 pa ola, matayala amangofunika kufika pa 80, ndipo ndege imanyamuka isanathamange mtunda wautali. Manambala akuluakulu olembedwa kumapeto kwa msewu wa ndege nawonso ndi masamu abwino. Amasonyeza mbali ya kampasi atachotsa ziro yomaliza: 09 ndi madigiri 90, kuloza kum'mawa, ndipo msewu womwewo ukauchokera mbali inayo ndi 27, kuloza kumadzulo. Manambala awiriwo nthawi zonse amasiyana ndi 18. Muloleni atulukire yekha chifukwa chake. Mawu oimira zilembo amene oyendetsa ndege amagwiritsa ntchito pawailesi, Alfa, Bravo, Charlie, Delta mpaka Zulu, ana amawaloweza msanga kuposa makolo awo, ndipo mungamawatchule powerenga manambala a magalimoto mumsewu.

Tsopano za ulendowo. Woyendetsayo ndi mnzawo wa bambo ake, komabe mufunseni mafunso atatu, ndipo musachite manyazi. Laisensi yake ndi chiphaso cha dokotala zili m'nthawi yake? Wanyamuka ndi kutera katatu m'masiku 90 apitawa, monga malamulo a mayiko ambiri amafunira kwa wonyamula anthu? Inshuwalansi ya ndegeyo ikukhudza okwera? Woyendetsa wabwino amasangalala akafunsidwa zimenezi. Amene wakwiya nazo, mwana wanu asakwere naye.

Mumupemphenso kuti mwanayo akhale naye pamene akuyendera ndege isananyamuke, chifukwa kwa ine phunziro lalikulu la tsikulo lili pamenepa. Woyendetsa amazungulira ndege yonse ali ndi pepala la checklist, mndandanda wa zinthu zoyenera kuona, m'manja. Amagwedeza aileron kuti aone ngati ikuyenda momasuka, amayang'ana matayala, amasolola kachitsulo koyezera oilo, amakwera kukasuzumira m'matanki ndi maso ake m'malo mongokhulupirira geji. Kenako amatenga kakapu koonekera mkati, amakakanikiza pansi pa phiko, ndipo mafuta pang'ono amatsikira m'kakapumo. Mafuta a ndege zoterezi, avgas 100LL, amakhala abuluu wotuwira. Amakweza kakapuko kudzuwa n'kuyang'anitsitsa. Ngati m'tanki mwalowa madzi, amaoneka pansi pa kakapu ngati kadontho kozungulira kopanda mtundu, chifukwa madzi ndi olemera kuposa mafutawo. Muloleni mwanayo agwire kakapuko ndipo anene yekha ngati mafuta ali bwino. Akaona munthu wamkulu amene wauluka kwa zaka zambiri akuwerengabe pepala mzere ndi mzere, akulozera chinthu chilichonse ndi chala, amaphunzira kuti m'ndege sitidalira kukumbukira. Mawu anu okha sangamuphunzitse zimenezo.

Pa pulopela pokha pasakhale kukambirana. Saigwira, sayima pafupi nayo, sadutsa kutsogolo kwa ndege, kaya injini ikulira kaya yazima. Injini za ndege zing'onozing'ono zimapanga zokha moto wa mapulagi kudzera mu magneto, sizidalira batire, choncho ngati kawaya kena kaduka, kungotembenuza pulopela ndi dzanja kukhoza kuiliza ngakhale kiyi ali m'thumba. Ikamazungulira siioneka n'komwe. Pabwalo mwana aziyenda atagwirana dzanja ndi wamkulu, ndipo atsike m'ndege pokhapokha pulopela itaimiratu.

Ulendo woyamba ukhale wam'mawa komanso waufupi, mphindi 20 kapena 30. Dzuwa likatentha nthaka, mpweya wofunda umayamba kukwera m'malo osiyanasiyana, ndipo ndege yaing'ono imagwedezeka ngati ikudutsa m'maenje. M'mamawa zimenezi zimakhala zisanayambe. Ana a msinkhu wa wanuyo amachita nseru msanga kuposa akuluakulu, ndipo mwana amene wasanza pa ulendo wake woyamba nthawi zambiri safunanso wachiwiri. Adye pang'ono asanakwere, asapite ndi njala komanso asakhute kwambiri. Akayamba kuchita chete, kutuluka thukuta kapena kuyasamula pafupipafupi, woyendetsa amutsegulire kampweya, amuuze ayang'ane kutali m'chizimezime, ndipo abwerere kukatera. Thumba losanzira likhale pafupi koma musalitchule kawirikawiri. Ngati ali ndi chimfine kapena khutu likumupweteka, sinthani tsiku. Potsika mpweya wakunja umakanikiza khutu, ndipo timipata tamkati tikatsekeka ndi chimfine ululu wake umakhala woopsa. Ali bwinobwino, kumeza malovu, kuyasamula kapena kutafuna chingamu kumatsegula makutu. M'ndege zoterezi phokoso limapitirira ma decibel 85, choncho avale headset, chovala kumakutu chochepetsa phokoso, yomukwana bwino, osati yolendewera. Mutengenso khushoni yolimba. Mu Cessna 172, ndege ya mipando inayi yomwe inayamba kugulitsidwa mu 1956 ndipo zapangidwa zoposa 44,000, bolodi la mageji ndi lalitali moti mwana atakhala pampando amangoona mawotchi ndi thambo. Ubwino wake mapiko ali pamwamba, kotero pansi pamaoneka bwino pawindo la m'mbali, kusiyana ndi Piper PA-28 yomwe mapiko ake ali m'munsi.

Woyendetsayo mumuuze mosapita m'mbali kuti tsiku limenelo si loonetsa luso. Asamuchitire stall, asakhote mopendekeka kwambiri, asamugwetse mwadala kuti amve m'mimba mukuyandama. Akuluakulu ena amaganiza kuti mwana akakuwa ndiye kuti wasangalala. Bungwe la okonda ndege la EAA ku America lili ndi ndondomeko yotchedwa Young Eagles, yomwe kuyambira 1992 yakweza ulere ana oposa 2 miliyoni a zaka 8 mpaka 17, ndipo maulendo ake amakhala aafupi, odekha, ongozungulira pafupi ndi bwalo.

Ngati malamulo a kwanuko akulola ndipo woyendetsayo wavomera, akafika m'mwamba ndithu angamulole kugwira chiwongolero. Ndege zophunzitsira zili ndi ziwongolero ziwiri zolumikizana, choncho woyendetsa sasiya chake. Asanagwire, mwana adziwe mwambo wopatsirana. Woyendetsa amati "You have control" (ndege ili m'manja mwako), mwana amayankha kuti "I have control" (ndege ili m'manja mwanga), ndipo woyendetsa amabwerezanso kuti "You have control". Pobweza n'chimodzimodzi, ndipo akangomva woyendetsa akuti "I have control", manja ake apite pamaondo nthawi yomweyo, mapazi achoke pa zopondera, popanda kufunsa chifukwa. Yesererani zimenezi kunyumba pamipando iwiri mpaka zilowe m'magazi. Adziwenso kuti ponyamuka, potera komanso wailesi ikamalankhula, pakamwa pakhale potseka, pokhapokha ngati waona ndege ina, pamenepo aloze ndi kunena msanga. Ntchito yosakasaka ndege zina mumupatse ndithu. Maso a ana ndi akuthwa, ndipo amasangalala kudziwa kuti akuthandiza zenizeni.

Akagwira chiwongolero, agwire ndi zala ziwiri kapena zitatu, osati kufumbata. Ndege yokonzedwa bwino imauluka yokha mowongoka, ndipo imangofuna kukanikizidwa pang'ono. Maso akhale kunja, aone mpata umene uli pakati pa mphuno ya ndege ndi pamene thambo lakumana ndi dziko. Mpatawo ukamakula ndiye kuti mphuno yatsika, ukamachepa yakwera. Pa chinthu ichi ana amaposa makolo awo, chifukwa sanazolowere kupotokola chiwongolero cha galimoto. Kumbukirani kuti mphindi zimenezi sizilowa m'buku la maola ngati woyendetsayo si mlangizi wovomerezeka, ndipo pa msinkhu uwu zilibe kanthu.

Pali phunziro lina limene ndimafuna mwana aliyense wokonda ndege alipeze msanga, ndipo limabwera tsiku limene mwadzuka m'mamawa, mwafika pabwalo, woyendetsa wayang'ana mitambo n'kunena kuti lero sitiuluka. Mwana adzalira. Musamukakamize woyendetsayo, musanene kuti tachokera kutali. Pa 11 April 1996 mtsikana wa zaka 7, Jessica Dubroff, anafa limodzi ndi bambo ake ndi mlangizi wake ku Cheyenne, Wyoming, akuyesa kukhala mwana wamng'ono kwambiri kudutsa America pandege. Ndege yawo, Cessna 177B, inanyamuka italemera kupitirira muyezo, pabwalo lokwera mamita pafupifupi 1,900 pamene mpweya ndi wopepuka, mvula yamkuntho ili pafupi, ndipo inachita stall itangonyamuka. Ofufuza anapeza kuti cholakwika chinali chisankho cha mlangiziyo chonyamuka m'nyengo yotero, komanso kuti kufuna kusunga nthawi ya ulendo umene atolankhani ankautsatira kunathandizira. Chaka chomwecho America inakhazikitsa lamulo loletsa munthu wopanda laisensi kugwira chiwongolero pa ulendo wofuna kuswa mbiri. Mwanayo sanalakwe chilichonse, anali akuluakulu amene anali ndi changu. Wanuyo akaona woyendetsa akubweza ndege m'shedi mosadandaula, mufotokozereni kuti oyendetsa enieni amatero.

Za masewera a pakompyuta makolo amafunsa kawirikawiri. Microsoft Flight Simulator, yomwe inayamba mu 1982, X-Plane, ndi FlightGear yomwe ndi yaulere, zonse zimathandiza kudziwa mageji, mapu ndi kalankhulidwe ka pawailesi. Vuto lake ndi limodzi ndipo timalimbana nalo kwambiri: ana okulira pa simulator amabwera maso ali pa mageji, osayang'ana kunja, moti nthawi zina timaphimba bolodi ndi pepala kuti adzutse mutu. Ngati azisewera, asankhe ndege yaing'ono masana, aziyang'ana kunja, aziwerenga checklist, ndipo akaphonya potera azikweranso n'kuzungulira m'malo mokakamiza ndege pansi. Ndege zikuluzikulu zongodina mabatani zidikire.

Kusukulu alimbikire masamu a pamtima, chifukwa m'mwamba umafunika kudziwa msanga kuti mafuta otsalawa akufikitsa pati. Alimbikirenso Chingelezi, chomwe ndi chilankhulo cha pawailesi m'maulendo apakati pa mayiko, komanso kuwerenga mapu ndi kudziwa mitambo. Akafika zaka 13 kapena 14 chidwi chikadalipo, mukamuyezetse kwa dokotala wovomerezeka wa oyendetsa ndege musanawononge ndalama pa maphunziro. Magalasi paokha saletsa munthu kuuluka, koma vuto losiyanitsa mitundu, khunyu ndi matenda ena a mtima zikhoza kutseka njira kapena kuichepetsa, ndipo ndi bwino kudziwiratu. Zikakhala bwino, maphunziro enieni ayambe cha pa zaka 15, kuti tsiku louluka yekha lidzamupeze manja akadali otentha. Kumene kuli kalabu ya ma glider angayambe msanga kuposa pamenepo, ndipo ndimalimbikitsa kwambiri njira imeneyo, chifukwa wophunzira pa ndege yopanda injini amadziwa kugwiritsa ntchito mapazi ndiponso sachita mantha injini ikadzazima. Pakali pano ulendo umodzi kapena iwiri pachaka ndi wokwanira, ndipo mukatera musamufunse ngati akufunabe kudzakhala woyendetsa. Mufunseni zimene anaona pansi, ndiponso ngati nyumba yanu anaipeza.